Benchi ya Abambo

Malaya salankhula, koma a Simbi ankawamva. Akagwira kolala ankadziwa kuti mwini wake amatuluka thukuta akaitanidwa ndi abwana. Akaona batani losokedwa ndi ulusi wa mtundu wina ankadziwa kuti kunyumbako mayi alipo, koma maso ayamba kuchita chidima. Ntchito yawo inali yosita zovala za anthu m'kachipinda kena kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo dzinali analitengera pomwepo, pa simbi yamakala imene ankainyamula ndi kuitsitsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amene ankawaitana dzina lenileni anali mayi akunyumba okha, ndipo anapita nalo kumanda.

Anthu ankabwera, kuponya mtolo patebulo, kunena tsiku lodzatenga, n'kumapita. Ndani amayang'ana nkhope ya wosita? Munthu amayang'ana mzere wa thalauza lake, basi. Ndiye musadabwe kuti panalibe amene anaona zoti a Simbi ayamba kusita ndi dzanja lamanzere, lamanja atalipanikiza m'nthiti.

Chinayamba ngati kanjere kuseri kwa nsonga ya bere lakumanja. Kenako chinakula, n'kulimba, osasuntha ngakhale achikankhe ndi chala, ndipo nsonga ija inayamba kulowa mkati ngati batani lokokedwa kwambiri posoka. M'mawa uliwonse pa vesiti pankapezeka kadontho kofiirira. A Simbi ankadziwa madontho onse a pansi pano: a inki, a mafuta, a tiyi, ngakhale ofiira a pakolala aja amene amuna ena amalumbira kuti ndi utoto wa kuofesi. Koma ili anaima nalo m'manja osalidziwa. Ankalichapa, mawa n'kubweranso pamalo pomwepo.

Tinene mosabisa, ankaopa, ndipo analibe womuuza. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali. Ankaimba foni Lamlungu, uku akukalipira ana ake.

"Bambo, muli bwanji?"

"Ndili bwino, mama."

"Chabwino. Iwe, tsika pamenepo! Bambo, tiyankhulanabe."

Nkhani ya bere ungailowetse pati pamenepo? Ndiponso bambo angayambe bwanji kumuuza mwana wake wamkazi kuti bere likundivuta?

Tsiku lina akusita nsalu za patebulo za ku lesitilanti, kawailesi kawo ka pashelefu kanayamba kulengeza. Kanati boma lachilimika pa nkhondo yolimbana ndi khansa, lalimbikitsa akatswiri ofufuza za matendawa, ndiponso latumiza galimoto lalikulu loyeza anthu m'madera mwaulere. Sabata imeneyo galimotolo linali pabwalo la chipatala chaching'ono cha m'deralo, ndipo Lachisanu madzulo lidzanyamuka kupita kwina. Kenako mayi wolengezayo anayamba kutchula zizindikiro za khansa ya m'mawere: chotupa cholimba, nsonga yolowa mkati, timadzi kapena magazi otuluka okha.

A Simbi anatchera khutu. Mayiyo ankakhala ngati wasuzumira m'vesiti mwawo. Anadzidzimuka ndi fungo, n'kupeza simbi yadinda chithunzi chake pansalu ya eni. Chiyambireni ntchito anali asanawotchepo chovala cha munthu.

"Amayi nonse, bwerani," inatero wailesi. "Amayi, musachedwe. Abambo, limbikitsani amayi."

Anadikira kuti mwina atchulanso abambo mwa njira ina. Kunabwera nyimbo.

Lolemba anati mawa. Lachiwiri kunabwera mtolo wa zovala za ukwati. Lachitatu anafika mpaka pangodya ya msewu wa kuchipatala, anaona denga loyera la galimoto lija, n'kubwerera kukagula makala amene sankawafuna. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo a Simbi mwambiwu ankaudziwa bwino lomwe, ankawauzanso anyamata obweretsa suti m'mawa wa tsiku la ukwati. Lachisanu anasita malaya awo oyera, anaika kansalu kopinda mkati mwa vesiti kuti dontho lisatulukire, anavala jekete ya kumaliro ndi kumaukwati, n'kukhoma chitseko.

Pabwalo paja panali galimoto lalitali loyera la masitepe achitsulo kumbali, tenti yolemberamo mayina, ndi mzere wa amayi wokhotakhota mpaka kumpanda. Pachipata panaima mayi wina wovala chibakuwa chachikasu. Sabata yonse anali akugawa anthu, moti dzanja lake linkagwira ntchitoyo lokha, maso ali kwina.

"Amayi kumanja pamzere. Abambo pabenchi apo pamthunzi."

"Mayi, ine ndabwera kuti..."

"Mwachita bwino zedi, bambo. Amuna operekeza ngati inu ndi osowa masiku ano. Benchi ndi iyo. Wotsatira!"

Munthu amene moyo wake wonse wauzidwa kuti izi zikhale za mawa, izi muike sitachi, sachedwa kumvera. A Simbi anapezeka atakhala kale pabenchi.

Benchiyo inali ndi ntchito yake. M'galimoto muja munali mothina, ndipo amayi ankavula malaya akalowa, choncho sankalola kulowa ndi zikwama kapena majuzi. Katundu ankatsala ndi abambo. Ndiye munali kuona amuna akuluakulu, ena andevu zawo, atandandalika aliyense ndi chikwama cha mkazi wake pamiyendo, atachigwira mwamantha ngati khanda la eni. A Simbi okha ndi amene anali manja lende.

Pafupi nawo panali bambo wina wadazi, wonenepa, wa pakamwa posauma.

"Madala, anu ndi ati pamzerepo?"

A Simbi anakweza chibwano kulozera chakugalimoto.

"Oo, alowa kale? Ndiye anakusungirani ulemu, sanakusenzeni thumba. Langali muli njerwa, ndikulumbira."

Dzuwa linakwera. A Simbi ankayang'ana chitseko cha galimoto chikutseguka ndi kutsekeka, uku akuyeserera mawu mumtima. Anaganiza zopita ku tenti kukanong'oneza wolemba mayina. Anafika mpaka pogwira mawondo kuti adzuke. Nthawi yomweyo wadazi uja anadzimenya pachifuwa.

"Koma ife amuna Mulungu anatikomera mtima. Mabere athuwa anangotiikira okongoletsa, ngati mabatani a pamkono wa jekete. Satseka kanthu, satsegula kanthu!"

Benchi yonse inafa nacho chiseko. A Simbi nawonso anaseka, mpaka anaonetsa mano, ndipo kuseka kumeneko kunawapweteka kuposa chotupa. Mabatani amenewo ankawadziwa kuposa aliyense pabenchipo, ankawazungulira ndi nsonga ya simbi tsiku lililonse. Anachotsa manja pamawondo n'kukhazikikanso.

Atasowa chochita, anayamba kuonerera mmene amayi ankatulukira. Mayi akatsika masitepe, mwamuna wake ankaimirira, kumupatsa chikwama, n'kufunsa mawu omwewo ngati anapangana: "Zatha bwanji?" Ambiri ankayankha akuseka, n'kumapita akukangana za ndiwo zamadzulo. Ena ankatuluka ndi kapepala m'manja, osayankha. Mkazi wa wadazi uja anatuluka choncho. Bamboyo anafunsa, mayiyo anangomuyang'ana, ndipo pakamwa posauma paja panauma. Chikwama cha njerwa chija sanachibweze. Anachikoleka paphewa pake, n'kumugwira mkazi wake pachigongono mpaka kutuluka pachipata.

A Simbi anawatsatira ndi maso mpaka anakhota. Anachita nsanje, ndipo anachita manyazi ndi nsanjeyo, poti ndani amasirira munthu amene wangolandira uthenga woipa? Koma mayiyo anali ndi womugwira pachigongono. Iwo akanatuluka ndi kapepala, akanakauza mahang'ala okolekera zovala.

Masana kunafika mayi wina yekhayekha, atavala yunifolomu ya okolopa m'maofesi, akupuma mwawefuwefu. Anali ndi chikwama chofiira chakale, lamba wake wosokedwa ndi ulusi wakuda. Atauzidwa kuti salowa nacho, anayang'ana benchi yonse, maso ake n'kugwera pamanja a a Simbi.

"Bambo, manja anu ali chabe. Tandigwirireniko. Anga aja ati za azimayi siziwakhudza, koma chakudya cha azimayi ndiye chimawakhudza. Mulibe kanthu umu, ndi nsapato ndi mankhwala a mutu."

Sanadikire yankho. Anawaika chikwamacho pamiyendo n'kuthamangira kumapeto kwa mzere.

Apa ndiye a Simbi anamangidwa. Ungachoke bwanji pabenchi ndi katundu wa eni? Koma tisawanamizire kuti zinawaipira. Ndi chikwama pamiyendo anafanana ndi amuna ena onse. Wobwera kumene akanati bambo awa ali ndi wawo pamzerepo, madzulo ano akadyera limodzi. Anachigwira bwino ndi manja awiri, anawongola lamba wopindika uja ndi chala, ndipo kwa kanthawi anadzilola kukhala munthu woyembekeza munthu. Anakumbukira mmene ankadikirira mayi akunyumba panja pa sitolo ya nsalu, akunyinyirika kuti akuchedwa. Akanadziwa, bwenzi akudikira mosanyinyirika.

Mthunzi unasuntha n'kuwasiya padzuwa, kenako unabwerera kuchokera mbali ina. Amuna ankachoka mmodzimmodzi ndi akazi awo. Mzere unafupika mpaka unatha. Anyamata a galimoto anayamba kugwetsa tenti ndi kusanjikiza mipando, dalaivala n'kumazungulira akumenya matayala ndi phazi. Pabenchi panatsala a Simbi okha. Ankadziuza kuti basi, zalephereka, mwina galimotoli lidzabweranso chaka chamawa. Ankadziwa kuti akudzinamiza. Chinthu chimene chakula chotere kuchokera nthawi ya mvula sichingadikire chaka.

Mayi wa chikwama chofiira anatsika masitepe akumanga mabatani a yunifolomu. A Simbi anaimirira n'kumupatsa chikwama, ndipo mawu amene anawamva tsiku lonse anatuluka okha.

"Zatha bwanji?"

Mayiyo anaima n'kuwayang'ana, ngati munthu amene wapatsidwa chinthu chimene sanaitanitse.

"Ati ndili bwino," anatero motsitsa mawu. "Zikomo pofunsa, bambo." Anakoleka chikwama, anayenda pang'ono, kenako anatembenuka. "Nanga anu? Inetu ndinali womaliza. Mkatimo mulibenso munthu."

Pakhomo la galimoto panatulukira namwino wachikulire, wa magalasi olendewera pachingwe, akuvula magolovesi. Mayi wa pachipata naye anafika kudzatenga benchi.

"Bambo, mwina munasemphana," anatero wa pachipata. "Akakhala kuti anatulukira uku, muwapeza kunyumba."

Dalaivala analiza injini.

A Simbi anaona kuti akangogwedeza mutu, aliyense awamasula mwaulemu, apita kwawo, ndipo palibe adzadziwe. Manyazi anapha lambe. Mawu atatuluka anali aang'ono, osayenera munthu wovala jekete.

"Mayi akunyumba anatisiya kalekale. Ndabwera ndekha." Anaika dzanja pachifuwa chakumanja. "Ndine. Pali chotupa apa. Chikutulutsa magazi."

Mayi wa pachipata anayamba kuseka, poganiza kuti madala akucheza, koma kusekako kunathera panjira. Anagwira pakamwa.

"Chifikireni m'mawa uja? Mayo ine! Bambo, bwanji osanena?"

"Munati abambo pabenchi."

Namwino anavala magalasi ake n'kuwayang'ana bwinobwino. Kenako anamenya mbali ya galimoto ndi chikhatho.

"Adalaivala, zimitsani! Tatsala ndi munthu mmodzi." Anatembenukira kwa a Simbi. "Bambo, matendawa abambonso amawagwira. Ndi ochepa, inde, koma amatipeza mochedwa. Ndipo lero ndaona chifukwa china: timawakhazika pabenchi. Kwerani. Jeketeyo isiyeni panja, muno mulibe pokoleka."

A Simbi anavula jekete. Anayang'ana benchi, kuchokera uku mpaka uko. Tsiku lonse aliyense wolowa anali ndi womusiyira katundu, ngakhale wobwera yekha anapeza manja. Anaipinda jeketeyo mwaukatswiri, mapewa pamodzi, mkati kunja, n'kuiika pathabwa lopanda munthu. Anakwera masitepe osacheuka.

Mkati munali kabedi kopapatiza, nyale yowala kwambiri ndi makina okhala ndi kagalasi ngati ka wailesi yakanema. Pakhoma panali zithunzi zophunzitsa kudziyeza, zonse za amayi. Anavula malaya, kenako vesiti, ndipo kansalu kopinda kaja kanagwa pansi, dontho lili pamwamba. Anafuna kukatola msanga, koma namwino anali atakaona kale.

Zala za namwino zinali zozizira. A Simbi anatseka maso. Chimwalirireni mayi akunyumba panalibe munthu amene anawakhudzapo, kupatula kugundana m'basi. Zalazo zinayenda pang'onopang'ono kuzungulira chotupa, zinalowa m'khwapa, zinabwereranso. Kenako anawapaka mafuta ozizira n'kuyendetsa kachipangizo pachifuwa, maso ali pagalasi paja. Anafunsa kuti chinayamba liti, ngati kubanja kwawo wina anadwalapo zotere, ngati akuonda. Iwo anayankha zonse bwinobwino, ndipo anadabwa kuti mawu amene anawalemera miyezi yonseyi ankatuluka mosavuta munthu akafunsa.

"Sindikunamizani, bambo," anatero namwino akuwapatsa kathaulo. "Chimene ndaonachi sichinandisangalatse. Koma ine sindingagamule. Lolemba m'mawa mukafike kuchipatala chachikulu ndi kapepala aka. Akatenga kachidutswa kakang'ono kukayeza. Chikakhala chimene ndikuganizacho, chithandizo chilipo, ndipo mwachita bwino kubwera lero osati chaka chamawa. Mwamva? Lolemba. Osati mukamaliza ntchito."

"Ndamva."

"Ndipo musakapite nokha. Tsiku limenelo munthu samva zonse zimene adokotala akunena. Pamafunika makutu ena. Alipo wokuperekezani?"

A Simbi anali kalikiliki ndi mabatani a malaya. Anamanga lina pabowo lolakwika, anamasula, n'kuyambiranso.

"Tiona," anatero.

Atatsegula chitseko, dzuwa linali litafiira. Tenti inali itapakiridwa, mipando yonse itakwezedwa, bwalo lili mbee. Panatsala benchi imodzi yokha pakati pa fumbi, ndipo anyamata awiri anaima chapatali akuiyang'ana mothedwa nzeru. Pabenchipo panakhala mayi wa chikwama chofiira. Jekete ija anali ataifunyulula n'kuigwira m'mapewa ndi manja awiri, m'mwamba pang'ono, kuti isakhudze fumbi ndiponso isakwinyike.

"Amafuna kunyamula benchi ndi jekete yomwe," anatero. "Ndawauza kuti mwini wake akadali mkati."

Anaimirira, monga ankachitira amuna aja.

"Zatha bwanji?"

A Simbi anatsegula pakamwa kuti anene zimene ankanena Lamlungu lililonse. Mawu aja anali okonzeka kale, ositasita: ndili bwino. Koma mayiyu anawadikira, basi yake mwina yapita, ndipo ankawayang'ana kumaso, osati pamzere wa thalauza.

"Sizili bwino, mayi," anatero. "Ndikuopa."

Misozi inatsika mpaka pakolala yoyera ija. Mayiyo sanawauze kuti limbani mtima, sanawauzenso kuti mwamuna salira. Anangosendera n'kumenya thabwa ndi dzanja.

"Takhalani kaye."

Anakhala. Kumbuyo kwawo injini inalira, galimoto linatembenuka mwaulesi n'kutuluka pachipata, mpaka phokoso lake linazimiririka. Anyamata aja anatopa kudikira, anakankhira nkhani ya benchi kwa mlonda wa chipatala n'kumapita.

"Ine Lolemba ndili kuntchito, sangandilole," anatero mayiyo patapita nthawi. "Ndiponso simukundidziwa. Mwana muli naye?"

"Wamkazi. Ali kutali. Ali ndi zake zambiri."

"Ndiye mukufuna adzamve kwa anthu? Ine bambo anga atandibisira zotere sindingawakhululukire. Muimbireni."

"Lero si Lamlungu."

"Matendawo akudziwa zimenezo? Imbani. Jeketeyi ndigwirabe."

A Simbi anatulutsa foni m'thumba la thalauza. Chala chinaima pamwamba pa dzina la mwana wawo nthawi yaitali, kenako chinadina. Inaitana, inaitananso. Kumbali inayo kunamveka phokoso la ana ndi madzi otuluka pampopi.

"Bambo? Lero Lachisanu. Kwagwanji? Muli bwanji?"

Anayang'ana kapepala kali m'dzanja, anayang'ana mayi wachilendo amene anagwirabe jekete yawo m'mapewa.

"Mama," anatero, "tatseka mpopiwo, anawo uwatulutse panja. Usafulumire kudula lero. Sindili bwino."